ULOVA SUTHA NDI MALONJEZO

Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikalengezedwa, anyamata ndi asungwana zikwizikwi amatsanzika aphunzitsi awo ndi kubwerera kwawo satifiketi ili m'manja. Makolo amakhala atagulitsa mbuzi, mtedza ndi chimanga kuti awalipirire fizi, ndipo mudzi wonse umayembekezera kuti mwanayo tsopano ayamba ntchito ndi kuthandiza azing'ono ake. Koma pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, ambiri a iwo timawapeza pa depoti akuitanira minibasi, ena akupalasa kabaza, ena ali khale pakhonde la golosale kusewera bawo kuyambira m'mawa kufikira dzuwa kulowa. Limeneli ndilo vuto la ulova. Lero tifuna kulankhula za vutoli mosapita m'mbali, makamaka kwa inu akuluakulu a m'maofesi a boma ndi inu aphunzitsi, popeza ana amenewa amadutsa m'manja mwa aphunzitsi asanakagogode pa zitseko za maofesi.

Tiyambe ndi kuona kukula kwa katundu amene tasenza. Pa kalembera wa mu 1966, patangopita zaka ziwiri dziko lino litalandira ufulu wodzilamulira, Amalawi tidalipo pafupifupi 4 miliyoni. Mu 1987 tidafika pafupifupi 8 miliyoni, mu 2008 tidapitirira 13 miliyoni, ndipo kalembera wa mu 2018 adapeza anthu oposa 17.5 miliyoni. Kalembera yemweyo adaonetsa kuti theka la anthu onsewa lidali ana osakwana zaka 18. Tanthauzo lake ndi lakuti chaka chilichonse khamu la achinyamata limene likufika pa msinkhu wofuna ntchito likuposa la chaka chatha. Anthu achuluka kanayi, koma nthaka ya Malawi ndi yomwe ija, ndipo munda umene agogo adalima okha lero wagawidwa kwa adzukulu asanu ndi mmodzi.

Kafukufuku wa za ntchito amene ofesi ya boma yoona za chiwerengero cha zinthu idachita mu 2013 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse otha kugwira ntchito adali pa ulova, powerengera ndi amene adatopa ndi kufunafuna. Adapezanso kuti mwa anthu khumi amene amati ali pa ntchito, pafupifupi asanu ndi anayi adali pa ntchito zosalembetsa, zopanda kalata, zopanda penshoni, zopanda tsiku lodziwika la malipiro. Apa ndi pamene tiyenera kumvetsa bwino. Ulova wa kuno sufanana ndi wa ku maiko olemera, kumene munthu akachotsedwa ntchito amakhala pakhomo kulandira thandizo la boma. Mmalawi wosauka alibe mpata wongokhala. Amakalima ganyu, amaotcha makala, amagulitsa mandasi asanu pamsewu. Amagwira ntchito yokhetsa thukuta, koma phindu lake silikwana ndi ndiwo za tsiku limenelo. Tsono funso lathu lili pawiri: tipeza bwanji ntchito za amene alibe, ndipo tichita chiyani kuti ntchito za amene akugwira kale ziwapatse chakudya ndi chovala?

Makolo athu adali ndi yankho lawo, ndipo yankho limenelo lidali ulendo. Kuyambira pamene boma la atsamunda lidakhazikitsa msonkho wa nyumba cha m'ma 1890, amuna a dziko lino adayamba kupita ku minda ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Bungwe la Wenela, limene pambuyo pake lidadziwika ndi dzina loti Theba, lidatenga anthu ambiri kotero kuti pofika mu 1973 Amalawi oposa 100,000 adali m'migodi ya ku South Africa. Ankabwera ndi njinga, wailesi, mabulangete ndi makina osokera. Ena ankabwera ndi chifuwa chosachiritsika. Ena sadabwerenso, nasanduka matchona. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo adafera pomwepo. Dr. H. Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu. Khomo lidatsegulidwanso pang'ono mu 1977, koma mu 1988 lidatsekekeratu chifukwa cha kusamvana pa nkhani yoyeza magazi a anthu opita ku migodi.

Phunziro la mbiri imeneyi ndi lalikulu. Ntchito ya m'dziko la eni ili ngati nyumba ya lendi: mwini wake akafuna, mumatuluka tsiku lomwelo. Amene adabwerera pambuyo pa 1974 ambiri adakalowa m'maesiteti a fodya a ku Kasungu ndi ku Mchinji pa malipiro ochepa kwambiri, ndipo okalamba amene adakhetsa thukuta ku Theba akhala zaka zambiri akulondola ndalama zawo. Mu 2008 ndi mu 2015 tidaona mabasi akubweretsa abale athu amene ankathawa zipolowe zodana ndi alendo ku South Africa, ena atasiya zonse m'mbuyo. Mu Novembala 2023 achinyamata oposa 200 adakwera ndege kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, nkhondo ili mkati m'dera limenelo. Sitikuwanyoza achinyamata amenewa, pakuti munthu wanjala sasankha mbale. Ndalama zimene amatumiza kumudzi zimathandizadi. Koma dziko limene njira yake yothetsera ulova ndi kutumiza ana ake kukalima minda ya eni, pamene madzi a m'nyanja yake akungoyenderera kupita ku Zambezi, liyenera kudzifunsa mafunso.

Yankho lachiwiri limene tidayesa ndi la ngongole. Kudabwera SEDOM m'zaka za m'ma 1980, kudabwera MARDEF mu 2005, kenaka thumba la achinyamata la YEDEF, kenaka MEDF, imene mu 2020 idasinthidwa dzina kukhala NEEF. Maina adasintha, koma dandaulo lidakhala limodzi: ambiri otenga ngongole sabweza. Chifukwa chake si chobisika. Ngongole ikaperekedwa pafupi ndi chisankho, pamsonkhano wa ndale, kwa munthu amene sadagulitsepo ngakhale tomato, wolandirayo amaiyesa mphatso. Ndiponso achinyamata makumi awiri a pamsika umodzi akapatsidwa ndalama ndipo onse akaoda kaunjika wofanana, ogula sachuluka chifukwa choti ogulitsa achuluka. Amangolandana makasitomala omwe aja, mpamba n'kutha. Ngongole imathandiza munthu amene ali kale ndi luso ndi msika. Kwa amene alibe ziwirizi, ngongole ndi katundu wina woonjezera pa umphawi wake.

Yankho lachitatu ndi la malonjezo. Pa chisankho cha mu 2020 kudamveka lonjezo la ntchito 1 miliyoni, ndipo achinyamata adaombera m'manja ndi mtima wonse. Lonjezo lotere limakoma m'khutu, koma ntchito sibadwa pa nsanja ya msonkhano. Ntchito imabadwa pamene munthu wina wapanga chinthu chimene wina akufuna kugula, ndipo malonda akula mpaka wopangayo wasowa womuthandiza. Boma palokha silingalembe aliyense. Ngakhale aphunzitsi ndi anamwino amene boma lomwelo lidawaphunzitsa ndi ndalama za misonkho akhala akudikira zaka kuti alembedwe, pamene makalasi adzaza ana ndipo zipatala zadzaza odwala. Ngati thumba la boma likulephera kulemba amene likuwafunitsitsa, n'kulakwa kuuza mwana wa Fomu 4 kuti tsogolo lake lili pa desiki la ku Capital Hill.

Nanga pali dziko losauka limene lidagonjetsa ulova? Lilipo, ndipo silili kutali. Chilumba cha Mauritius chidalandira ufulu mu 1968 chikudalira mbewu imodzi, nzimbe, monga momwe ife tadalirira fodya. Katswiri wa za chuma James Meade adali atalemba mu 1961 kuti tsogolo la chilumbacho n'lodetsa nkhawa chifukwa anthu ankachulukana msanga. Mu 1970 boma la kumeneko lidakhazikitsa lamulo lochepetsera misonkho mafakitale opanga katundu wogulitsa kunja, makamaka zovala. Zipatso sizidaoneke tsiku limodzi, pakuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 munthu mmodzi mwa asanu adali akadali pa ulova. Koma maboma osiyanasiyana adagwiritsa njira yomweyo osaisintha, ndipo pofika mu 1990 ulova udatsika kufika pa anthu pafupifupi atatu mwa 100 alionse. Chilumbacho chili ndi doko, chimene ife tilibe, ndipo chidali ndi msika wapadera wa shuga ndi zovala ku Ulaya. Komabe phunziro lake likutikhudza: adasankha chopanga, adapeza kogulitsa, ndipo sadayambirenso pachiyambi boma likasintha.

Ife tidayenda njira yobwerera m'mbuyo. Kudali nthawi imene thonje la ku Chikwawa, Balaka ndi Salima linkapotedwa ndi kuombedwa nsalu pa fakitale ya David Whitehead mu mzinda wa Blantyre, imene inkalemba anthu zikwi zingapo. Kuyambira mu 1981 dziko lino lidalowa m'ndondomeko zokonzanso chuma zimene mabungwe obwereketsa ndalama a kunja adalimbikitsa. Malire adatsegukira katundu wakunja, makampani a boma adayamba kugulitsidwa pansi pa lamulo la mu 1996, ndipo fakitale ya nsalu ija idagulitsidwa mu 2003 itafooka kale. Makampani ena a boma adalidi olemetsa thumba la dziko, ndipo sitikunena kuti zonse zakale zidali zabwino. Koma lero mlimi amagulitsa thonje losapota, mwana wake n'kumagulitsa malaya ovalidwa kale ochokera kutsidya kwa nyanja. Belo lililonse la thonje, thumba lililonse la soya kapena nandolo lotuluka m'dziko lino losakonzedwa, limatenga ntchito za ana athu kukazipereka kwa ana a eni. Alimi a nandolo a ku Mulanje, Phalombe ndi Zomba sadzaiwala chaka cha 2017, pamene dziko la India lidachepetsa nandolo wolowa kumeneko ndipo mtengo udagweratu.

Choyamba chimene tiyenera kuchita, tsono, ndi kutalikitsa chaka cha mlimi. Anthu oposa asanu ndi atatu mwa khumi alionse amakhala kumudzi. Mlimi wodalira mvula amatanganidwa kuyambira Novembala kufikira Meyi. Miyezi yotsalayo manja ake alibe chogwira, ndipo ndi nthawi imeneyi pamene mnyamata amanyamula chikwama kupita ku Lilongwe kapena ku Joni. Ulimi wothirira ndiwo umasandutsa mlimi wa miyezi isanu ndi umodzi kukhala wa miyezi khumi ndi iwiri. Izi sizachilendo kwa ife. Masikimu a mpunga a Hara, Wovwe ndi Lufilya ku Karonga, Limphasa ku Nkhata Bay, Bua ku Nkhotakota, Likangala ndi Domasi ku chigwa cha nyanja ya Chilwa, ndi Muona ku Nsanje, adamangidwa m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ambiri ndi thandizo la akatswiri a ku Taiwan. Pamene ngalande zidasamalidwa, alimi adakolola kawiri pachaka. Pamene zidalekereredwa, zidakwiririka ndi mchenga. Ntchito yaikulu ya ngalande ya ku chigwa cha Shire, imene cholinga chake ndi kuthirira mahekitala oposa 40,000 ku Chikwawa ndi Nsanje, idzayesedwa ndi muyeso womwewo: kodi achinyamata a m'deralo adzapeza minda ndi msika, ndipo ndani adzakonza ngalande ikagumuka?

Chachiwiri ndi magetsi. Chigayo, makina oyengera mafuta ophikira, owotcherera zitsulo ndi osungira mkaka amayenda bwino pamene pali magetsi. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mabanja ounikira magetsi a m'mawaya sadafike ngakhale 12 mwa 100 alionse. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, ndipo dziko lidataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi ake kwa nthawi yoposa chaka. Amene adamva ululu kwambiri si a m'maofesi okhala ndi jenereta, koma mnyamata wometa tsitsi ku Ndirande, wowotcherera mafelemu ku Mchesi, ndi mayi wogulitsa mafilizesi ku Chibavi. Malo opangira magetsi a dzuwa amene adatsegulidwa ku Salima mu 2021 adaonetsa kuti njira zina zilipo. Wina akafunsa kuti ndondomeko yothetsera ulova ndi iti, timuuze kuti waya wa magetsi wofika pa msika wa kumudzi umalemba anthu ambiri kuposa msonkhano uliwonse wa m'hotela.

Chachitatu chili m'manja mwanu, aphunzitsi. Mu 1994 sukulu ya pulayimale idakhala yaulere, ndipo ana olembetsa adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chimenechi chidali chinthu chabwino, ndipo sitingachibweze. Koma tidzifunse chimene mwana amatuluka nacho. Ndi kangati pamene tauza ophunzira kuti akapanda kulimbikira adzagwira khasu ngati makolo awo? Ndi kangati pamene tapereka khasu ndi chikwanje ngati chilango kwa wochedwa? Mwana amene kwa zaka zisanu ndi zitatu waphunzira kuti ntchito ya manja ndi chilango cha wolakwa, sangaikonde atakula. Akulu adati kuongola mtengo m'poyamba. Dimba la pasukulu likhale kalasi, pomwe ana ayeze mizere, awerengetse mtengo wa mbewu ndi feteleza, agulitse zokolola, alembe m'kaundula zolowa ndi zotuluka, ndipo aone ndi maso awo kumene ndalamayo yapita. Samu yophunzitsidwa motere siiwalika.

Komanso mphunzitsi adziwe njira zimene zilipo kuti alangize ana moona. Si mwana aliyense adzapeza malo ku yunivesite, ndipo si aliyense wotuluka ku yunivesite amapeza ntchito. Kuli sukulu za ntchito zamanja ku Soche, Lilongwe, Namitete, Salima, Nasawa, Mzuzu ndi Livingstonia. Lamulo la mu 1999 lidakhazikitsa bungwe la TEVETA, ndipo olemba ntchito amapereka gawo limodzi mwa 100 la malipiro a antchito awo ku thumba la maphunziro amenewa. Kuyambira mu 2015 boma lidayamba kutsegula makoleji aang'ono a ntchito zamanja m'maboma. Malo ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna, ndipo ayenera kuchulukitsidwa. Koma pochulukitsapo tifunse olemba ntchito luso limene akusowa. N'kupanda nzeru kutulutsa akalipentala makumi atatu chaka chilichonse m'dera limene mipope ya madzi ndi mapampu oyendera dzuwa zikufa popanda wozikonza. Asungwana nawo asatsekeredwe ku kusoka kokha; dzanja la mtsikana limatha kulumikiza waya wa magetsi monga la mnyamata. Ndipo msungwana wokhalitsa pasukulu amachedwa kukwatiwa, amabereka ana amene angathe kuwalera, motero amapeputsa katundu wa mbadwo ukudzawo.

Ena amakumbukira gulu la Malawi Young Pioneers, limene lidakhazikitsidwa mu 1963, nanena kuti libwerere. N'zoona kuti m'mabesi ake achinyamata ambiri adaphunzira ulimi, ukalipentala ndi umakaniko. N'zoonanso kuti gululi lidasanduka chida choopsezera anthu, kufikira asilikali adalilanda zida mu Disembala 1993. Chabwino cha m'menemo titengepo, ndicho kuphunzitsa achinyamata luso ndi khama. Choipa chake chitichenjeze: ndondomeko iliyonse ya achinyamata ikangovala nsalu ya chipani, imasiya kukhala sukulu, ndipo imafa pamodzi ndi chipanicho.

Chachinayi chili kwa inu a m'maofesi. Mwina mukuganiza kuti nkhani ya ulova ndi ya nduna ndi aphungu okha. Ayi ndithu. Kalaliki amene wakhalira fayilo ya munthu wofuna chiphaso cha bizinesi kwa miyezi itatu, kudikira kangachepe, wapha ntchito za anthu amene bizinesiyo ikadalemba. Ofesi imene yalandira madesiki kwa kalipentala wa m'boma lomwelo n'kukhala chaka osamulipira, yatseka shopu yake ndi kubweza anyamata ake kumudzi. Wogula katundu wa boma amene aitanitsa mipando ndi yunifomu kunja pamene amisiri ali pakhomo, wawononga ndalama zakunja zimene dziko likuzisowa, zomwe kusowa kwake kudachititsa kuti kwacha igwetsedwe mphamvu mu Meyi 2022 ndi mu Novembala 2023. Ndipo mkulu amene apereka malo a ntchito kwa mphwake, kapena kufuna chiphuphu kwa mnyamata, kapena kufuna thupi la msungwana, waphunzitsa mbadwo wonse kuti satifiketi ndi pepala chabe. Tsiku limene ana adzakhulupirira zimenezo, mphunzitsi sadzakhalanso ndi mawu owalimbikitsira.

Mu Januwale 2021 dziko lino lidakhazikitsa masomphenya a Malawi 2063, amene nsanamira zake ndi ulimi wa phindu, mafakitale ndi kukula kwa mizinda. Mawu ake ndi abwino, monga adalili a Vision 2020 amene adatsogola. Koma mwana amene walemba mayeso chaka chino sangadikire 2063. Pofika chaka chimenecho adzakhala gogo. Iye akufuna kudziwa chimene adzachita mvula ikatha. Tisadzinamize kuti achinyamata osowa chochita adzakhala chete mpaka kalekale. Nkhuyu zodya mwana zidapota akulu. Mnyamata wopanda ntchito ndiye amagulidwa ndi kachasu kuti akagende anzake pa ndale, ndiye amathera nkhalango ndi makala, ndiye amakafera m'njira pofuna kuoloka malire popanda zikalata.

Tikupempha, tsono, kuti aliyense ayambire pamene waima. Bwanamkubwa ndi khonsolo yake awerenge masikimu othirira amene adafa m'boma lawo ndipo aike ndalama zoukitsira ngakhale imodzi chaka chino. Mlangizi wa zaulimi asonkhanitse achinyamata m'makopaletivu kuti agulitse mpunga wopuntha ndi mafuta oyenga, osati mbewu yongochoka m'munda. Wosunga chuma cha ofesi alipire amisiri a m'deralo pa nthawi yake. Mphunzitsi wamkulu achotse khasu pa mndandanda wa zilango ndi kuliika pa ndandanda ya maphunziro. Mafumu apereke malo kwa achinyamata ofuna kulima, amuna ndi akazi omwe. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili ndi lolemera. Ana amene akhala pakhonde la golosale lero ndi omwe tidawaphunzitsa ife, ndipo akadzatifunsa chimene tidachita ndi maudindo athu, tidzafunika kuwaonetsa ngalande yoyenda madzi, chigayo cholira ndi shopu yotsegula.